Nyimbo ya a Sizasi

9 Febuluwale

Okondedwa amayi a ana anga,

Moni nonse kumeneko. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana, ndi amayi anga ndi mwendo wawo uja. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene wayamba kundikumbutsa kuti unyamata unapita.

Mwamva pa wailesi kuti dziko lino lagawika pakati. Musade nkhawa, mumsewu wathu simunalire mfuti. Tinagona m'dziko lina, tadzuka m'dziko lina, bedi lomwelo, nsikidzi zomwezo. Mtsinje uja ndinkakuuzani kuti uli kumapeto kwa tauni tsopano ndiwo malire, ndipo pamlatho aikapo asilikali. A tsidya lino dziko lawo, a kutsidya dziko lawo.

Kwa ife atelala ndi mwayi. Dziko latsopano likufuna mbendera yatsopano, mayunifomu a apolisi, a ana a sukulu, ngakhale a osesa mumsewu. Makina akulira mpaka zala kuuma. Mbendera yakale inali ndi mizere inayi, mtundu uliwonse wa anthu mzere wake. Yatsopanoyi ili ndi itatu. Wachikasu auchotsa, akuti eni ake ndi a kutsidya, ali ndi kwawo tsopano. Ndiye nsalu yachikasu yangodzaza m'fakitale, abwana akuigulitsa mtengo wongotaya. Ndakusokerani diresi, ndalipatsira dalaivala wa basi uja pamodzi ndi ndalama. M'chiuno ndaonjezerako pang'ono, poti ndamva kuti mukudya bwino ine kulibe. Musakwiye, ndikungocheza.

Odula ake ndi a Sizasi, choncho likukwanani. Mukuwakumbukira, aja odula nsalu patebulo lalikulu, amene ananditola pa siteshoni ndili ndi chikwama chopanda zipi, n'kundigoneka m'nyumba mwawo mpaka nditapeza poyambira. Munthu uja akagwira sizasi amaimba kanyimbo kamodzi komweko, m'chiyankhulo cha malemu bambo awo, amene anali a kutsidya. Tanthauzo lake sindilimva, koma ndinakaloweza, ndipo pa nthawi ya tiyi ndimawatsanzira, kukwinya mphuno ngati iwo, fakitale yonse n'kufa nalo phwete. Eni ake amaseka kuposa onse.

Dzulo ndinawafunsa kuti, “Achimwene, mzere wa bambo anu mwauchotsa ndi dzanja lanu, sizikukupwetekani?” Iwo akuti, “Ine ndinabadwira kuseri kwa msika uko, chipatala chake chikadalipo. Nsalu ndi nsalu, iwe.”

Ndalamazo muyambe ndi malata a kukhitchini, zotsala nsapato za Wamakani. Njinga yanga alamu asaibwerekenso, anaibweza yopanda belu. Kachitsiriza mumupsompsone m'malo mwanga.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a ana


14 Epulo

Amayi a ana,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti diresi lakukhalani. Azimayi amene akufunsa za telala wakewo muwauze kuti telalayo ali ndi mwini. Ine ndili bwino, kachimfine chabe.

Tsopano khalani pansi, pali nkhani. Boma latulutsa lamulo la unzika. Aliyense akhale ndi chiphaso chosonyeza kuti ndi mwini dziko. Amene bambo ake ndi a mitundu itatu ya pa mbendera akungolandira. Alendo ngati ine, amene tagwira ntchito kuno zaka zambiri osamangidwapo, akuti tikhoza kupempha, tikalumbire, koma pasipoti ya kwathu tikaisiye patebulo pawo. Mapanga awiri avumbwitsa, akutero. Ine ndapempha. Musandiyang'ane choncho, ndikukuonani ndili konkuno! Taganizani: nzika amaipatsa nyumba ya fakitale, imaitanitsa mkazi ndi ana, ana amalowa sukulu ya boma, ndipo ikaona wapolisi siwoloka msewu. Ndatopa kukuonerani pa chithunzi. Amayi musawauze kaye, ndiwalembera ndekha.

Chodabwitsa ndi ichi. Ine wobwera pa basi, amene chiyankhulo chawo ndimachiyankhula ngati ndikutafuna miyala, akundiitana kuti ndilowe. A Sizasi obadwira kuseri kwa msika, amene kutsidya sanagoneko n'kamodzi komwe, awauza kuti ndi mlendo, poti mtundu wa munthu akuuwerengera kwa bambo. Mayi awo, gogo uja wamaso ofooka amene ankandisungira chakudya ndikachedwa, chiphaso alandira, iwo ndi a mzere wobiriwira. Nyumba imodzi, mayi mwini dziko, mwana mlendo. Gogoyo akuti, “Ndiye ndinamuberekera kuti mwanayu, m'mitambo?”

Koma njira ilipo. Kuli komiti yomva madandaulo. Munthu akapita ndi mboni imene wagwira nayo ntchito nthawi yaitali, mboniyo n'kutsimikiza kuti moyo wake wonse ndi wa kuno ndipo mtima wake suli kutsidya, chiphaso amam'patsa. Akapanda kutero, amuwolotsa mlatho. Anzathu akalekale ambiri anachoka, otsalawo akuopa. A Sizasi anabwera pa makina anga kudzandipempha umboni, akupotokola tepi m'manja. Ndinati, “Achimwene, mukuchita manyazi ndi ine? Ndi pakamwa pangapa, komitiyo ikakupatsani ziphaso ziwiri, china chovala Lamlungu.” Anaseka mpaka kutsokomola.

Sopo wakwera kuno, shuga usanene. Mwezi uno ndatumiza zochepa, mundipirire.

Wanu yemwe uja


27 Meyi

Amayi a ana,

Moni nonse. Ine ndili moyo. Amayi muwapepese ndi mwendowo, mankhwala opaka ali m'phukusi, aziwotha kaye mwendo asanapake.

Ku komiti tikupita Lachinayi likubwerali. Malaya oyera ndasita kale. A Sizasi ndawasokera jekete la nsalu yabwino, kuti akaoneke munthu wa m'tauni muno monga alili.

Dzulo kapitawo wathu anandiitanira kuseri kwa mabelo a nsalu. Akuti, “Telala, ukudziwa kuti anthu amene akamve za Sizasi ndi omwewo amene asunga pempho lako? Wonama pamaso pawo amam'kweza basi tsiku lomwelo. Ndipo amene akuoneka kuti amakonda a kutsidya mopitirira, pepala lake limagwera kuseri kwa kabati.” Ndinamuyankha kuti ine sindinama, ndipo ndilibe chobisa. Iye anati, “Ine ndangonenatu,” n'kumapita.

Mawu ndi oipa, amayi a ana. Chiyambire dzulolo ndikungosoka zokhota, kolala imodzi ndaiphwasula kangapo mpaka abwana anafunsa ngati ndaledzera.

Madzulo ndinakadya kwa a Sizasi. Gogo anandipapasa kumaso ndi manja, poti ndi mmene amaonera anthu tsopano, n'kuti, “Uyu ndi mwana wanga wachiwiri, uyu ndiye atiwombole.” Chakudya chinali chokoma ngati kale, koma ndinangodyako pang'ono.

Mundipempherere. Osati kuti pali chovuta ayi.

Bambo a ana


20 Juni

Amayi a ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Kuno kwazizira, m'mawa makina amachita kukana kudzuka ngati munthu.

Mwafunsa za ku komiti. Tinapita. Ndinayankhula. Zina ndidzakuuzani pamaso, papepala sizikhala bwino.

Mafuta ophikira akweranso. Masiku ano tiyi ndikumwera pa makina pomwepo, kuchipinda chodyera kwachuluka phokoso. Anyamata amandiitana kuti ndikawaseketse, ndimati pakhosi pakupweteka.

Nkhuku musagulitse zonse, musiyeko zoikira. Zimene mwandiuza za Wamakani, kuti aphunzitsi akudandaula kuti amatsanzira anzake m'kalasi mpaka wina analira, zandikwiyitsa kwambiri. Musaseke nazo, musanene kuti watengera bambo ake. Mumukhazike pansi, mumuuze kuti lilime lilibe fupa koma limathyola munthu. Akapitiriza, mumulande mpira.

Ndilibe zambiri.

Ine


11 Ogasiti

Amayi a ana,

Makalata anu onse awiri ndalandira. Kusayankha sikunali matenda, ndili bwino. Ndathokoza kuti ana ali bwino.

Chiphaso ndalandira. Anatisonkhanitsa m'holo, tinakweza manja, tinalumbira kutsogolo kwa mbendera. Mbenderayo ndinaizindikira, ndi imodzi mwa zimene ndinasoka sabata ija ndinkasoka zokhota, mpendero wake wapita chammbali. Pasipoti ya kwathu anaiponya m'katoni pamodzi ndi za ena, ngati nsapato zakutha. Pa chiphaso pali malo olemba mtundu wa munthu. Panga alembapo kuti “wolandiridwa”. Amayi andiyankha kalata ija ndinawalembera. Akuti ndiye kuti pa maliro awo ndidzachita kupempha chilolezo ngati mlendo.

Mwafunsa kawiri konse za a Sizasi. Komiti inawakaniza chiphaso. Anawoloka mlatho sabata yatha. Ndinawaperekeza mpaka pamlatho, nditawanyamulira chikwama. Anavala jekete lija. Njira yonse ankangonena za nsalu, kuti wodula watsopanoyo amaononga chifukwa saika patani mothithikana. Pofika pa asilikali anati, “Achimwene, amayi saona bwino, ndipo mpopi wa kubafa mukuudziwa, umafuna kuukankha kaye. Muziwaona.” Basi. Za ku komiti sanatchule ngakhale liwu limodzi. Bola akanandimenya.

Gogo sanapite nawo. Kutsidyako iwo ndiye akanakhala mlendo, ndipo pa msinkhu wawo sangayambe kuphunzira makomo atsopano ndi manja.

Tsono nyumba. Ija ya a Sizasi ndi ya fakitale, ndipo lamulo likuti muzikhala nzika yogwira ntchito. Abwana andipatsa ine. Ndikanakana, bwenzi atapatsa wina n'kuwatulutsa gogo. Ndinavomera kuti gogo asatulutsidwe. Ndi zimene ndikudziuza. Muli zipinda ziwiri ndi khonde, madzi ndi a m'nyumba momwemo, sukulu ili pafupi. Ine ndimagona pabalaza, pamalo pomwe paja ndinkagona nditangofika kumene. Kuchipinda kwa a Sizasi sindinalowemo.

Chilolezo chanu ndi cha ana chituluka mwezi wamawa. Muyambe kulongedza. Diresi lachikasu lija musabwere nalo, kuno mtundu umenewo anthu akuuyang'ana ndi diso loipa. Mupatseni mng'ono wanu.

Mwamuna wanu


8 Seputembala

Amayi a ana,

Moni. M'thupi ndili bwino. Mwalemba kuti, “Ine ndinakwatiwa ndi munthu wolongolola, tsono amene akundilembera masiku anoyu ndi ndani?” Chabwino. Mverani, ndipo ana asawerenge.

Ku komiti kuja kunali tebulo lalitali, anthu atatu, mzere uliwonse wa pa mbendera munthu wake, ndi wapolisi pakhomo. A Sizasi anakhala pa benchi kumbuyo kwanga. Anandifunsa kuti ndagwira nawo ntchito nthawi yaitali bwanji, ngati amapita kutsidya, ngati amalandira alendo ochokera kumeneko. Ndinayankha bwino, amayi a ana, Mulungu ndi mboni. Ndinawauza mmene ananditolera pa siteshoni, mmene amadziwira kanjira kalikonse ka tauni ino.

Ndiye mayi wokhala pakati anatsegula faelo ina. Ndinaona chithunzi changa pamwamba. Anandiyang'ana n'kuti, “Inu mukuoneka kuti mumam'konda kwambiri munthu ameneyu.” Ndinakumbuka mawu a kapitawo, m'maganizo ndinaona inu ndi ana.

Mumandidziwa, ine ndikachita mantha ndimaseketsa anthu. Ndinati, “Kum'konda? Ameneyu amatisokosera tsiku lonse ndi kanyimbo ka kwawo kwa bambo ake!”

Palibe anandifunsa za nyimbo. Ndinaitulutsa ndekha.

Mayiyo anati, “Nyimbo yotani?” Ndipo ndinaimba. Ndinakwinya mphuno, ndinapendeketsa mutu ngati ndagwira sizasi. Anaseka onse atatu, wapolisi yemwe anagwira pamimba. Chimene chikundiwotcha kwambiri n'chakuti kusekako kunandikomera. Ndinabwereza kachiwiri. Atatha kuseka, bambo wa kumapeto anatenga cholembera n'kuti, “Munthu amene amaimba za kutsidya pamene waiwala kuti pali anthu, mtima wake uli kutsidya.” Nditatembenuka, a Sizasi ankamanga mabatani a jekete, mmodzi mmodzi, osandiyang'ana.

Sindinaname. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudzifunditsa ndi mawu amenewa, koma ndi kabulangete kakafupi. Ndinkadziwa chimene ndikuchita pamene ndinkatsegula pakamwa. Ndinkafuna aone kuti ine si wa gulu lawo. Nyumba imene ndikukuitanirani ino ndinaigula ndi nyimbo ya mwini wake.

Sizinathere pomwepo. A Sizasi sanawauze mayi awo chimene chinachitika, anangoti nkhani ya nyimbo ndiyo yawagwetsa. Tsono gogo akuganiza kuti anthu oyandikana nawo ndiwo anakanena, poti gogoyo ankaiimba akamachapa pakhonde. Anaiphunzira kwa amuna awo, n'kuiphunzitsa mwana ali pamsana. Tsiku lililonse amati, “Ndam'thamangitsa ndine mwana wanga, ndi pakamwa pangapa.” Chakudya akungogwirako pang'ono, aonda, mikono yatsala ngati ndodo. Ine ndimangoti, “Ayi, gogo, musatero,” n'kumawathirira tiyi.

Ndichite chiyani? Ndikawauza, ndiwalanda mwana wachiwiri yemwe. Ndikapanda kuwauza, afa ndi mlandu wanga. Ndine munthu woipa, amayi a ana, ndipo ndikuopabe.

Ine


5 Okutobala

Okondedwa amayi a ana,

Moni nonse. Ndili bwino. Kalata yanu inali yaifupi ngati mpeni wa m'thumba: “Sindikwera basi mpaka mutawauza.” Ndinakwiya tsiku lonse, ndinakutchulani maina amene sindingalembe. Lamlungu masana ndinawauza.

Anali pampando wawo wa pazenera, akusankha nyemba ndi zala. Ndinakhala pansi pa simenti, ndinanena zonse monga ndinakulemberani, osachotsa kanthu. Manja awo anaima m'mbalemo.

Kenako anati, “Anaseka?”

Ndinati, “Anaseka, gogo.”

“Mwana wanga ali pomwepo?”

“Ali pomwepo.”

Anati, “Musayembekezere kuti ndikukhululukirani lero. Mwina sindidzatero. Ndipo zina si zanga, n'za mwini wake ali kutsidyayo, mudzam'lembere nokha.” Ndinavomera. Ndinati ngati akufuna ndichoke m'nyumbamo, ndichoka. Anati, “Mukachoka, andikhazika ndi ndani? Boma lanu lija latimanga chingwe chimodzi. Khalani pomwepo.”

Anayambanso kusankha nyemba. Ine ndinaganiza kuti zatha, ndinati ndidzuke. Ndiye anandifunsa kuti, “Nyimbo munakaigulitsayo, mawu ake mumawamva?” Ndinati ayi. Anati, “Ndi yotonthoza mwana. Imati: usalire, usafunse kuti kwanu n'kuti, kwanu ndi pamsana pano.”

Amayi a ana, zaka zonsezi ndakhala ndikuseketsa anthu ndi mawu amenewo.

Anati, “Chichokereni mwana wanga, m'nyumba muno simunamveke nyimbo imeneyi. Ine ndinalumbira kuti sindidzaiimbanso, poyesa kuti ndine ndinam'pereka. Tsopano pakhosi panga pauma. Inu mumaidziwa yonse. Imbani. Osakwinya mphuno.”

Zenera linali lotsegula. Pansi pathu pamakhala mlamu wake wa kapitawo, anthu anali pakhonde, ndipo chiphaso cha “wolandiridwa” akhoza kuchilanda monga anachiperekera. Ndinaimirira kuti nditseke. Gogo saona, koma anamva phazi langa.

Anati, “Lisiyeni.”

Ndinalisiya. Ndinaimba nditaimirira pomwepo. Pakhonde la pansi anthu anasiya kucheza. Pakati pa nyimbo gogo anandiimitsa, akuti liwu lina ndimalilakwitsa, anandikonza, n'kuti ndiyambirenso. Ndinayambiranso. Palibe anaseka. Madzulo ake anadya mbale yonse.

Sindikudziwa ngati wina akanene. Mpaka lero sanabwere aliyense. Kalata ya a Sizasi ndayamba, ndafika pa moni.

Chilolezo chanu chili m'kalata muno, musachipinde. Dalaivala akudikirani Loweruka la sabata yamawa. Ana muwauze kuti m'nyumba muli agogo, ndipo mpando wa pazenera ndi wawo. Amayi anga mukawatsanzike bwino, muwauze kuti chilolezo chodzawaona ndidzapempha akadali moyo, sindidikira maliro.

Diresi lachikasu lija mukalitengenso kwa mng'ono wanu. Mubwere mutavala.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a ana